Dzuwa likuswa mtengo koma madzi a ku Cape Town ali zii: mphepo imachita chiyani ndi nyanja?

Nabanda (Cape Town): Moni nonse pagulu pano. Funso langa likupita kwa amene mumadziwa za nyanja. Kuno Januwale yense dzuwa likuswa mtengo, koma madzi a ku Camps Bay ndi ku Clifton ukangopondamo phazi limachita dzanzi. Ana amene ndimalera amathamangiramo n'kutulukamo nthawi yomweyo mano akugundana. Chondidabwitsa n'chakuti masiku amene mphepo ya kummwera chakummawa yaomba mwamphamvu, ija amati Cape Doctor, m'pamene madzi amazizira koposa. Tsiku lomwelo mukapita ku Muizenberg, ulendo wosakwana ola pa galimoto, mukapeza anthu akusambira osafuna kutuluka. Chimachitika n'chiyani?

aPhiri (Durban): Achemwali, mbali yanuyo ndi Atlantic, madzi ake amachokera ku Antarctica kumene nyanja imaundana. Muizenberg ili mbali ya Indian ngati kunoko. Ife ku Durban mu Febuluwale madzi amafika madigiri 25, timasambira mpaka kuda.

aChirwa (wa pa sitima): Achimwene aPhiri, apo ndikutsutsani. Malire a nyanja ziwirizo ali ku Cape Agulhas, makilomita oposa 150 kuchokera ku Cape Town, ndiye Camps Bay ndi Muizenberg zonse zili mu Atlantic. Komanso akanakhala madzi ongobwera kuchokera ku Antarctica, bwenzi akuzizira kwambiri mu Julayi. Koma mwamva aNabanda, akuti ndi nyengo yotentha, tsiku la mphepo. Madziwo sakuchokera patali. Akutumphuka kuchokera pansi pomwepo, mamita 200 kapena 300 kutsika, kumene dzuwa silifika. Akafika pagombe amakhala pa madigiri 10 mpaka 13. Ku Muizenberg mphepo yomweyo imaomba cholowa mu False Bay, n'kuunjika madzi otenthedwa ndi dzuwa kugombe.

aPhiri (Durban): Chabwino akulu, koma madzi a pansi angakwere bwanji okha? Ozizira amalemera, malo awo ndi pansi.

Aphunzitsi Mbewe (Dedza): Funso la aPhiri ndiye mutu wa nkhani yonse. Amakwera chifukwa a pamwamba achotsedwa, ndipo malo sangakhale opanda kanthu. Chowachotsa ndi mphepo. Koma pali chinthu chimodzi chimene ambiri sitichiyembekezera: madzi a m'nyanja yaikulu sapita kumene mphepo ikupita. Amapatuka.

Amene anazindikira izi bwino ndi Fridtjof Nansen wa ku Norway. Mu 1893 analola dala sitima yake, Fram, kuti igwidwe m'madzi oundana a ku Arctic, kuti aone kumene idzatengedwere. Inakhala ikuyandama choncho mpaka 1896. Anthu ake ankalemba kolowera mphepo ndi kolowera madzi oundanawo, ndipo anapeza kuti sizinkagwirizana. Madzi oundana ankapatukira kumanja kwa mphepo ndi madigiri 20 mpaka 40. Nkhaniyi inafika kwa mnyamata wa ku Sweden, Vagn Walfrid Ekman, amene anaiwerengera masamu n'kufalitsa zotsatira zake mu 1905.

Zimene anapeza ndi izi. Mphepo imakoka madzi a pamwamba penipeni, ndipo iwo amayenda mopatuka. Madzi amenewo amakoka a pansi pake, omwe amayenda pang'onopang'ono ndi kupatuka koposa. Awonso amakoka ena a pansi pake, chomwecho mpaka mphamvu ya mphepo itathera pa mamita 50 kapena 100. Mukaphatikiza madzi onse oyendawo, mupeza kuti akupita cham'mbali, madigiri 90 kuchoka kolowera mphepo. Kumpoto kwa ikweta amapatukira kumanja, kummwera kwa ikweta kumanzere.

Tsopano aNabanda, imani pagombe la Camps Bay mphepo ikukuombani kumsana, nkhope yaloza chakumpoto. Dzanja lanu lamanzere laloza kuti?

Nabanda (Cape Town): Laloza kunyanja, aphunzitsi. Ndiye kuti madzi otentha aja akukankhidwira pakati, ife kugombe tikutsala ndi a pansi?

Aphunzitsi Mbewe (Dedza): Mwaigwira.

Tadala (Fomu 4): Pepani aphunzitsi, kusukulu tinangouzidwa kuti ndi Coriolis, n'kuloweza kuti kumanja kumpoto, kumanzere kummwera. Koma chimawapatutsa n'chiyani kwenikweni? Palibe chimene chikuwakankha m'mbalimo.

Aphunzitsi Mbewe (Dedza): Wafunsa bwino Tadala, ndipo ukunena zoona kuti palibe chowakankha. Chimene chikusuntha ndi dziko pansi pawo. Dziko limazungulira cholowera kummawa kamodzi pa tsiku. Malo a pa ikweta ali ndi mtunda wautali woti azungulire, ndiye amathamanga pafupifupi makilomita 1,670 pa ola. Cape Town, imene ili madigiri 34 kummwera, imathamanga pafupifupi 1,380. Madzi akanyamuka ku Cape Town kulowera kumpoto amanyamula liwiro la kwawo, n'kufika pamalo pamene nthaka ikuthamangira kummawa mofulumira kuposa iwo. Amatsalira m'mbuyo, kutanthauza kumadzulo. Kwa amene waloza kumpoto, kumadzulo ndi kumanzere. Yesa kuwerengera madzi olowera kummwera, upeza kuti akutsogolera kummawa, komwenso ndi kumanzere kwawo. Dzina lija munaloweza ndi la Gaspard-Gustave de Coriolis wa ku France amene analemba masamu ake mu 1835. Pa ikweta penipeni kupatukaku kulibe, ndipo kumakula ukamatalikirana napo. Usunge mfundo yomalizayi, uifuna posachedwa.

aMwale (msodzi, Nkhotakota): Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, mdzukulu wanga ndiye akundilembera. Za nyanja ya mchere ndisiyira eni ake, koma zoti madzi samvera mphepo, ife kuno tinakula nazo. Timati mweza. Umatha kufika pamalo usiku, nyanja ili bata, nyali za siginala zayaka bwino, usipa wasonkhana. Ukaponya chilimira osayamba waona mweza, khoka limapindika, limakokedwera kwina, usipa wonse n'kutuluka. Ndiye siginala wodziwa ntchito amayamba watsitsa chingwe cha mwala n'kuona kumene chapendekera. Nthawi zina chimapendekera kwina pamwamba, ukachitsitsa kwambiri n'kumva chikukokedwa mbali ina. Ndipo mwera ukaomba masiku angapo n'kuleka, mweza umabwerera wamphamvu kulowera kummwera, mphepo kulibe.

aChirwa (wa pa sitima): Bambo Mwale, zimene mwanenazi ndinayamba kuziona ndili kuphunzira za sitima ku Monkey Bay, ndisanaione n'komwe nyanja ya mchere. Chingwe chanucho chikuyeza zomwezo zimene asayansi amatsitsira makina odula.

Aphunzitsi Mbewe (Dedza): Bambo Mwale, mwatibweretsa pafupi. Nyanja yathu ndi yaitali makilomita oposa 550 ndipo yagona cha kumpoto ndi kummwera, ndendende mmene mwera umaombera kuyambira Meyi mpaka cha mu Seputembala. Thirani madzi m'beseni, muuzire mbali imodzi osalekeza: amaunjikana kutsidya, ndipo mukaleka amabwerera. Mwera umachita zomwezo, umakokolola madzi ofunda a pamwamba kupita nawo ku Karonga, ndipo kuno kummwera, ku Mangochi ndi ku Salima, a pansi amakwera. Mphepo ikaleka, mulu uja umabwerera, ndiwo mweza wopanda mphepo umene mwaunena.

Madzi a pansiwo ndi chuma. Chilichonse chofera m'nyanja chimamira n'kuolera pansi, ndiye chonde chonse chili kumeneko. Chikakwera n'kukumana ndi dzuwa, ndere zing'onozing'ono zimaswana, tizilombo timadya nderezo, usipa ndi utaka zimadya tizilomboto. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene mbali ya kummwera, yomwenso ndi yosaya, imakhalira ndi nsomba zambiri. Koma nyanjayi ndi yakuya pafupifupi mamita 700, ndipo kutsika kupitirira mamita 250 mulibe mpweya woti nsomba ipume. Madzi oterowo akakwera ochuluka mwadzidzidzi, nsomba zimafa.

aMwale (msodzi, Nkhotakota): Zimenezo tinazionapo. Kunacha nsomba zili mbuu pamwamba, zina zikupuma wefuwefu, madzi akununkha ngati dzira loola. Anthu ankati wina wathira mankhwala, ena mpaka kulozana zala. Akuluakulu athu anati ayi, nyanja yatembenuka.

Nabanda (Cape Town): Ndiye kuti nsomba ya snoek imene timagula ku Hout Bay ndi mphatso ya mphepo yomwe timadandaula nayoyi?

aChirwa (wa pa sitima): Kumene achemwali. Gombe lonse kuchokera ku Cape kudutsa St Helena Bay, Lüderitz mpaka Walvis Bay ku Namibia ndi la madzi otumphuka, ndipo ku Lüderitz ndiye kuchimake chifukwa mphepo siipuma. Ndiwo mtsinje wa Benguela umenewo, kunena madzi oyenda ngati mtsinje m'kati mwa nyanja momwemo. Madzi ake ndi obiriwira moderako, odzaza ndi chakudya, mbalame zili yakaliyakali. Mukazungulira kufika mbali ya Durban madzi ndi oyera mbee, ofunda, okongola, koma nsomba zake n'zochepa poyerekeza. Ndipo taonani kumtunda: kumene madzi ali ozizira kuli chipululu cha Namib, chifukwa madzi ozizira amabala nkhungu osati mvula. Kwa aPhiri ku KwaZulu-Natal kuli minda ya nzimbe.

aPhiri (Durban): Za madzi ozizira ndamva. Nanga athu ofundawa akuchokera kuti? Pajatu Durban ndi Lüderitz sizisiyana kwambiri kutalika kwake ndi ikweta.

Aphunzitsi Mbewe (Dedza): Apa tiyang'ane nyanja yonse ya Indian pa mapu. Pakati pa madigiri 10 ndi 30 kummwera kwa ikweta, mphepo imaomba chaka chonse kulowera chakumadzulo. Kumanzere kwake ndi kummwera, ndiye imakankhira madzi kummwera. Kumunsi, cha pa madigiri 40 mpaka 50, kuli mphepo yaukali yolowera kummawa. Kumanzere kwake ndi kumpoto. Mphepo ziwiri zosemphana, koma zonse zikuunjika madzi pamalo amodzi pakati. Pamenepo nyanja imatukumuka ngati kaphiri, kotalika pafupifupi mita imodzi pa mtunda wa makilomita masauzande. Ndi maso simungakaone, koma masetilaiti amakayeza, kuyambira pa TOPEX/Poseidon imene inaulutsidwa mu 1992.

Madzi amafuna kutsika kaphiriko, koma akangoyamba kuyenda amapatukira kumanzere, ndiye m'malo motsika amangokazungulira. Kumpoto kwake amayenda kuchokera ku Australia kulowera ku Madagascar, akuwotchedwa ndi dzuwa njira yonse. Akagunda Madagascar amagawikana. Ena amadzera kummawa kwa chilumbacho, ena amalowa pakati pa icho ndi Mozambique, kumene amayenda ngati akamvuluvulu akuluakulu otsatizana. Onsewo amakumana n'kupanga mtsinje wa Agulhas umene ukudutsa pakhomo panu, aPhiri. Mizungulire yotereyi ilipo isanu: iwiri mu Atlantic, iwiri mu Pacific, umodzi mu Indian.

Tadala (Fomu 4): Ndiye n'chifukwa chake zidutswa za ndege ya Malaysia ija zinapezeka ku Africa?

aChirwa (wa pa sitima): Eya Tadala. MH370 inasowa pa 8 Malichi 2014, ndipo ankaisaka kumadzulo kwa Australia. Mu Julayi 2015 chidutswa cha phiko chinapezeka pagombe la chilumba cha Réunion. Kenaka zina zinatulukira ku Mozambique, ku Madagascar, ku Mauritius, pa chilumba cha Pemba ku Tanzania, mpaka ku Mossel Bay. Mukalemba malo amenewo pa mapu, mwajambula njira imene aphunzitsi afotokozayi. Ndimaganizira abale a anthu aja, kuti nyanja inawabwezera tizidutswa tokha, patadutsa chaka ndi miyezi.

Koma musaganize kuti madzi onsewa amathamanga. Mphepo ya makilomita 36 pa ola imayendetsa madzi a pamwamba pafupifupi kilomita imodzi yokha pa ola. Pakati pa nyanja amangokwawa. Agulhas ndiye wina. Tikachoka ku Durban kupita ku Cape timatulukira kunja pang'ono, kumene pansi pa nyanja pamatsetsereka kupitirira mamita 200. Injini ili chimodzimodzi, koma ukayang'ana GPS uona liwiro lakwera ndi makilomita 6 kapena 7 pa ola. Pobwerera timakakamira kufupi ndi gombe kuti tisalimbane nawo. Ndipo mphepo ya kummwera chakumadzulo ikabwera n'kukumana nawo maso ndi maso, mafunde amafupika n'kuima chilili, kutsogolo kwake kuli dzenje. Mapu a oyendetsa sitima amachenjeza za mafunde ofika mamita 20 pakati pa Durban ndi East London. Ndinaonapo usiku wina funde litakwera pamwamba pa mutu wa sitima, zitsulo zotchingira m'mbali kucha zitapindika. Palibe anagona. M'dera lomwelo ndimo munasowera sitima ya Waratah mu 1909 ndi anthu 211.

aPhiri (Durban): Koma bwanji mbali yathu yokha ndiyo yothamanga? Ngati ndi kuzungulira, bwenzi liwiro lili limodzi ponseponse.

Aphunzitsi Mbewe (Dedza): Funso limeneli linavutitsa akatswiri mpaka 1948, pamene Henry Stommel wa ku America analiyankha. Tadala, ija ndinati usunge ndi iyi: kupatuka kumakula ukamatalikirana ndi ikweta. Chifukwa chakuti sikufanana kumpoto ndi kummwera kwa mzungulire, kaphiri kaja sikakhala pakati, kamakankhikira kumadzulo. Mbali ya kummawa ndi yotakata ndi yotsetsereka pang'ono, madzi amayenda mwaulesi. Mbali ya kumadzulo ndi yopanikizika, ndipo madzi onse amene anayenda pa mtunda wa makilomita masauzande ayenera kubwerera kudzera pa mpata wa makilomita pafupifupi 100. Agulhas amanyamula madzi okwana makiyubiki mita pafupifupi 70 miliyoni pa sekondi. Mitsinje yonse ya pa dziko, Amazon, Congo, Zambezi ndi ina yonse pamodzi, imangopitirira pang'ono 1 miliyoni. Gulf Stream ku America ndi Kuroshio ku Japan ndi abale ake, onse ali kumadzulo kwa nyanja zawo.

Che Jafali (Mangochi): Salaam nonse. Aphunzitsi mwati mphepo imaomba mbali imodzi chaka chonse, koma kumpoto kwa nyanja ya Indian si choncho. Aswahili ali ndi kaskazi, yochokera kumpoto chakummawa cha mu Disembala mpaka Malichi, ndi kusi yochokera kummwera kuyambira cha mu Epulo mpaka Seputembala. Zombo za matanga zinkatsika ndi kaskazi kuchokera ku Oman ndi ku India kubwera ku Mombasa, Zanzibar ndi Kilwa, n'kudikira kusi kuti zibwerere. Njira imeneyo ndi imene inafikitsa nsalu, mikanda ndi Chisilamu kunyanja kwathu kuno. Ndi yomweyonso imene inatenga anthu athu. A Jumbe atakhazikika ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1840, akapolo ankawolotsedwa pa zombo kupita tsidya la kummawa, n'kuyenda pansi mpaka ku Kilwa. Tikamakamba za mphepozi tisamaiwale zimenezo.

aMwale (msodzi, Nkhotakota): Che Jafali mwanena zoona. Mbiri imeneyo kuno ana amakula akuimva.

Aphunzitsi Mbewe (Dedza): Zikomo Che Jafali, mwakonza pofunika. Ndipo kumeneko ndi kumene kuli umboni woonekeratu woti mphepo ndiyo mwini wake wa mitsinje ya pamwambayi. Mtsinje wa ku gombe la Somalia umatembenuka kawiri pa chaka motsatira mphepo. Nthawi ya kaskazi umatsikira kummwera mofatsa. Kusi ikakhwima mu Julayi ndi Ogasiti umathamangira kumpoto mpaka kupitirira mamita 3 pa sekondi, kuposa Agulhas. Ndipo poti uko ndi kumpoto kwa ikweta, madzi amapatukira kumanja, kuchoka kugombe, ndiye ozizira amatumphuka ku Somalia ndi ku Oman m'miyezi imeneyo.

Tadala (Fomu 4): Nanga pansi penipeni pa nyanja, mphepo imafikako?

Aphunzitsi Mbewe (Dedza): Mizungulire ija imamveka mpaka mamita mazana angapo, pena kufika 1,000. Kupitirira apo chimene chimalamula kwambiri ndi kulemera kwa madzi, kuzizira ndi mchere. Imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Mai Nankhoma (Balaka): Ine ndine mlimi, nyanja ya mchere sindinaionepo, koma ndawerenga zonse. Ndifunse: El Niño amene anatiumitsira chimanga mu 2024 ali m'nkhani yomweyi? Chimanga changa chinafika m'chiuno, chikufuna kumasula, Febuluwale yense kumwamba kuli mbee. Masamba anapota, n'kuuma chiimire. Pa wailesi ankangoti El Niño, ngati ndi munthu.

Aphunzitsi Mbewe (Dedza): Mayi, pepani ndi zimene munadutsamo, ndipo inde, ndi nkhani yomweyi. Mu Pacific mphepo imaomba kuchokera ku South America kulowera ku Indonesia, n'kuunjika madzi ofunda kumeneko mpaka nyanja kukwera pafupifupi theka la mita kuposa ku Peru. Ku Peru kumatumphuka madzi ozizira monga ku Namibia, ndipo kuli kansomba kotchedwa anchoveta kamene kanapangitsa dzikolo kutsogola pa usodzi pa dziko lonse. Pakapita zaka ziwiri mpaka zisanu ndi ziwiri, mphepo ija imafooka. Mulu wa madzi ofunda umabwerera kummawa n'kuphimba ozizira aja. Mu 1972 izi zitakumana ndi kupha nsomba mopyola muyeso, usodzi wa anchoveta unagwa. Tsono mitambo ya mvula imatsata madzi ofunda. Ikasamuka pa nyanja yaikulu chotero, kayendedwe ka mphepo kamasokonekera mpaka kuno, ndipo kummwera kwa Africa kumagwa ng'amba. Zinatero mu 1992, mu 2016, ndi mu 2024 pamene Pulezidenti wa nthawiyo, a Chakwera, analengeza mu Malichi kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Ku Zambia madzi a ku Kariba anatsika mpaka magetsi kumazima tsiku lonse.

Mai Nankhoma (Balaka): Nanga a zanyengo amadziwa bwanji miyezi isanafike? Chifukwa chenjezo linabwera tisanadzale, koma ambiri m'mudzi mwathu tinati akungolota, nyanja ya kutali choncho ingadziwe bwanji za munda wa ku Balaka.

aChirwa (wa pa sitima): Amadziwa chifukwa madzi amachedwa, mayi. Mphepo imasintha lero ndi mawa, koma mulu wa madzi ofunda umatenga miyezi iwiri kapena itatu kuti uwoloke Pacific. El Niño wa 1982 ndi 1983 anadzidzimutsa aliyense, ndiye pambuyo pake anamangirira zoyezera zoyandama pafupifupi 70 motsatira ikweta, ntchito imene inatha mu 1994. Zimayeza mphepo pamwamba ndi kutentha kwa madzi mpaka mamita 500 pansi, n'kutumiza pa setilaiti. Madzi ofunda akanyamuka mu Juni kapena Julayi amaonekeratu, pamene mvula yanu ikuyembekezeka mu Novembala.

Aphunzitsi Mbewe (Dedza): Ndiwonjezere chimodzi, mayi. El Niño sagunda Malawi yense mofanana. Kawirikawiri ng'amba imakula kummwera, kwanu ku Balaka, Machinga, Chikwawa ndi Nsanje, pamene ku Karonga ndi Chitipa mvula imatha kuchuluka, chifukwa kumpoto kumatsatira nyengo ya kummawa kwa Africa. Ndiye a zanyengo akatulutsa ulosi wa dzinja cha mu Seputembala, musamve wa dziko lonse wokha, funsani alangizi a zaulimi za boma lanu.

Mai Nankhoma (Balaka): Ndamva aphunzitsi. Chaka chimenecho anzathu amene anadzala mapira, nandolo ndi mbatata pambali pa chimanga anakololako. Ndiwerengera amayi a gulu lathu zonsezi Lachinayi ku msonkhano, makamaka za miyezi imene madzi amatenga kuti awoloke, poti funso lawo linali lomwelo.